Kuona maso a nkhono n'kudekha

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhono ukaitola ndi phuma imabwerera m'chigoba, iwe n'kumapita ukulengeza kuti kanyamaka kalibe maso. Amene waikhazika pansi nakhala chete ndiye amaona tinyanga tikutuluka pang'onopang'ono. Nkhani ya nyengo, imene yatisowetsa mtendere kuno kunsi kwa mapiri a Dedza, ndi yofuna kudekha kotereku. Wa ku Mua akuti mvula yachepa. Wa ku Mtakataka, amene munda wake wa mpunga wamira, akuti madzi anyanya. Wa ku Golomoti akudandaula dzuwa. Onsewa akunena zoona, koma aliyense akusimba za pakhomo pake ndi za chaka chimodzi.

Kuti munthu amvetse za kwawo, nthawi zina amayenera kumva za kwa eni. Kumalekezero a dziko lapansi, kumpoto kwenikweni, kuli nyanja yotchedwa Arctic. Kummwera kwenikweni kuli dziko lalikulu la Antarctica, lozunguliridwa ndi nyanja mbali zonse. Konseko kumazizira mpaka madzi a m'nyanja yamchere amaundana pamwamba n'kusanduka ayezi wolimba, woti munthu n'kuyendapo ndi katundu wake. Ayezi ameneyu ali ndi nyengo yake yobwera ndi yopita. Kumpoto amafalikira m'miyezi yozizira mpaka kufika pachimake mu Malichi, kenaka amasungunuka mpaka Sepitembala. Kummwera amachuluka kwambiri mu Sepitembala, pamene ife tili kalikiliki kusosa m'minda, ndipo amachepetsetsa mu Febuluwale, chimanga chathu chikumasula.

Kale padalibe munthu wotha kuona ayezi yenseyo nthawi imodzi. Malowo ndi aakulu, ndi oopsa, ndipo kwa miyezi ingapo pachaka dzuwa silitulukako n'komwe. Mu Okutobala 1978 bungwe la NASA la ku America lidatumiza m'mlengalenga setilaiti yotchedwa Nimbus-7. Chipangizo chimene idanyamula sichinkadalira kuwala. Chinkamva kamphamvu kofooka kamene madzi ndi ayezi amatulutsa mwachilengedwe, ndipo popeza ka madzi n'kosiyana ndi ka ayezi, chinkasiyanitsa ziwirizi ngakhale kuli mitambo kapena mdima wa ndiweyani. Setilaitiyo itakalamba zina zidalandira ntchito, ndipo kaundula woyambira mu 1979 akupitirira mpaka lero. Akatswiri a ku National Snow and Ice Data Center, mumzinda wa Boulder ku America, ndi ena mwa omusunga. Zaka zoposa 40 akuyang'ana malo amodzimodzi, mwa njira imodzimodzi, osatopa. Kudekha kumene ankanena makolo n'kumeneko.

Nanga adaona chiyani? Kumpoto, ayezi wotsala mu Sepitembala wakhala akuchepa ndi magawo pafupifupi 12 pa 100 alionse pa zaka khumi zilizonse. Mu Sepitembala 2012 adatsala pa malo okwana masikweya kilomita 3.4 miliyoni, pomwe chizolowezi cha zaka za 1981 mpaka 2010 chidali malo oposa 6 miliyoni. Pamalo pamene padasowa ayezipo mungayalepo dziko lathu la Malawi kopitirira ka 20.

Manambala amenewa ndi aakulu, koma chimene chidandigwira mtima ine, monga mlimi, ndi nkhani ya masiku. Mu 2012 mayi wina katswiri, Sharon Stammerjohn, pamodzi ndi anzake, adafunsa kaundula uja funso limene mlimi aliyense amafunsa mitambo: pamalo pano, ayezi amafika liti, nanga amachoka liti? Yankho lidasiyana malo ndi malo. Kumpoto, m'nyanja za Kara ndi Barents, ndiponso cha ku Chukchi pakati pa Siberia ndi Alaska, adapeza kuti pa zaka pafupifupi 30 ayezi adayamba kuchoka miyezi iwiri nthawi yake isadakwane, n'kumabwera mochedwa ndi mwezi umodzi. Kummwera, m'nyanja ya Bellingshausen, nyengo yopanda ayezi idatalika ndi miyezi itatu. Koma kuzambwe kwa nyanja ya Ross, m'mbali mwa Antarctica yemweyo, zidatembenuka: ayezi ankafika msanga n'kuchoka mochedwa, moti nyengo yake idatalika ndi miyezi iwiri. Dziko limodzi, thambo limodzi, kwina kukuchepa, kwina kukuchuluka.

Pamenepa ndi pamene ambiri adapunthwa. Mu Sepitembala 2014 ayezi wozungulira Antarctica adafalikira kuposa chaka china chilichonse m'kaundula, kupitirira masikweya kilomita 20 miliyoni. Ena atamva chaka chimodzicho adathamanga kukalalika kuti za kutentha kwa dziko n'zabodza. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Patangopita zaka ziwiri ayezi uja adayamba kutsika mwadzidzidzi. Mu Febuluwale 2023 adatsala pa masikweya kilomita osakwana 1.8 miliyoni, kuchepa kumene kudali kusadaonekepo, ndipo m'nyengo yozizira ya chaka chomwecho adalephera kufika ngakhale pa 17 miliyoni. Amene adaweruza mlandu atamva mboni imodzi adachita manyazi. Amene adapitiriza kulemba ndiwo adaona kumene zinthu zikulowera.

Chimene chimatalikitsa nyengo yopanda ayezi n'chosavuta kumva kwa munthu wa kuno. Valani malaya akuda muyende pa msika wa Golomoti masana a mu Okutobala, mnzanu atavala oyera, muone amene ayambe kufuna mthunzi. Ayezi ndi woyera, amabweza kuwala kwa dzuwa kumwamba. Madzi a m'nyanja ndi oderapo, amamwa kutenthako. Ayezi akachoka msanga, madzi amaothera dzuwa masiku ambiri, amafunda, ndipo nyengo yozizira ikafika amachedwa kuundana. Ayezi wochedwayo amakhala wopyapyala, ndiye chaka chotsatira amasungunukanso msanga. Kuchedwa kwa chaka chino kumabala kuchedwa kwa chaka chamawa.

Masiku amenewa ali ndi eni ake owalira. Ku Antarctica kuli mbalame zazikulu zosauluka zotchedwa emperor penguin, zimene zimaswera ndi kulerera ana pa ayezi womatirira kugombe. Anawo amabadwa ndi nthenga zofewa zolowa madzi, ndipo amayenera kudikira mpaka Disembala kapena Januwale kuti amere nthenga zosambira nazo. Chakumapeto kwa 2022, m'nyanja ya Bellingshausen ija, ayezi adasweka nthawi isadakwane. Akatswiri a British Antarctic Survey, poyang'ana zithunzi za setilaiti, adapeza kuti mwa magulu asanu a mbalamezi a m'deralo, anayi adataya ana a chaka chimenecho. Kumpoto nako, ku Alaska, kuli mudzi wa Shishmaref, wa pa kachilumba. Kale ayezi ankafika msanga n'kutchinga gombe mafunde a mkuntho asadayambe. Tsopano amachedwa, mafunde amapeza gombe lili poyera, n'kumadya nthaka pansi pa nyumba. Mu 2016 anthu a m'mudzimo adaponya voti yoti asamuke pa malo a makolo awo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndinene mosapsatira, ana anga, kuti pasakhale wosokera: ayezi wa kumalekezero uja sasungunukira m'nyanja yathu ino. Palibe mtsinje wochokera kumeneko wodzathira ku Mtakataka. Chimene chikutilumikiza ndi thambo limodzi limene likufunda, ndiponso phunziro la kaonedwe ka zinthu. Nyanja yathu ili ndi mbiri yakeyake ya kukwera ndi kutsika, ndipo mbiriyo ndi yakale kuposa aliyense wa ife.

Madzi saiwala khwawa. Mlingo wa nyanja ya Malawi udayamba kulembedwa mu 1896. Cha m'ma 1915 nyanja idatsika mpaka mtsinje wa Shire udaleka kutulutsa madzi, ndipo udakhala wotsekeka ndi mchenga ndi bango kufikira cha m'ma 1935. Mu 1980 idakwera kufika pa mamita 477 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, ndipo akuluakulu a m'magombe akukumbukira pamene madzi adafika chaka chimenecho. M'zaka za 2016 ndi 2017 idatsikanso, madzi adachepa pa malo opangira magetsi a Nkula ndi Tedzani, dziko lonse lidakhala mumdima wa kuzimazima kwa magetsi. Pa zaka zotsika zija anthu adatsatira madzi: adalima, adamanga nyumba, ena adamanga malo ogona alendo pamene kale padali nyanja. Mu 2024 mwini malo adabwerera. Mlingo udapitirira mamita 476, ndipo ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota nyumba ndi minda zidamira. Kuyambira 1992, pamene setilaiti ya TOPEX/Poseidon idaulutsidwa, nyanja yathu imayezedwanso kuchokera kumwamba, kuwonjezera pa zoyezera zokhomedwa ku Chilumba, ku Nkhata Bay ndi ku Monkey Bay.

Chaka cha 2024 chimenecho n'choyenera kuchisinkhasinkha. Mu Malichi, Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, adalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala chifukwa cha chilala cha El Niño. Chimanga chidauma m'minda Febuluwale ali pakati. Komatu kumapeto kwa Febuluwale yemweyo madzi osefukira adasesa midzi ya ku Dwangwa, ndipo pofika Epulo nyanja idali ikulowa m'makomo. Munthu ankatha kuima m'munda mwake mopserera, n'kumaona madzi akudza chakumunsi kwa munda womwewo. Izi sizodabwitsa kwa amene wadekha. El Niño, amene amayambira kutali m'nyanja ya Pacific, nthawi zambiri amachepetsa mvula kummwera kwa Africa n'kuichulukitsa chakumvuma, cha ku Tanzania. Malawi wakhala pa malire a ziwirizi. Mitsinje ikuluikulu yodzaza nyanja yathu ili kumpoto: Ruhuhu wa ku Tanzania, Songwe, Rukuru. Madzi amene adamiza mpunga kuno adagwa kwa eni, pa mapiri amene ambiri a ife sitidawaonepo. Wonena kuti kunali chilala sadaname, wonena kuti kunali chigumula sadaname. Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri.

Tsono tibwere m'munda, pamene nkhani ya masiku imaluma kwenikweni. Ife akale tidakula tikudziwa ndondomeko yake. Nyenje zikalira, mlambe ukaphuka, anamzeze akayamba kuuluka mmunsi, chizimalupsa chinkagwa kudzazimitsa phulusa la m'tchire. Kenaka mvula yobzalira, ngumbi zituluke, achule ayambe phokoso m'madambo. Lero taonani mlimi wa ku Golomoti. Mvula yagwa kumapeto kwa Novembala, wakumba ndi chala, wapeza nthaka yanyowa bwino. Wabzala mbewu imene adagula atagulitsa mbuzi. Yamera, timasamba tiwiri, titatu. Kenaka kumwamba kwayera mbee kwa masabata atatu. Masana timasamba tija tikupindika, m'mawa tikutambasuka pang'ono, mpaka tsiku lina osatambasukanso. Abzalanso chakumapeto kwa Disembala ndi mbewu yopempha kwa achibale. Mvula ikabwerera ibwera ndi ukali, masiku atatu igwetse madzi a mwezi wathunthu, Livulezi adzaze, mizere ikokoloke, feteleza wa ngongole apite kunyanja. Chaka chikatha, wowerenga mamilimita apeza kuti mvula idagwa yokwanira ndithu. Koma nkhokwe ili pululu. Chimanga chimafuna madzi pa tsiku lake, monga momwe ana a mbalame zija ankafunira kuti ayezi adikire mpaka nthenga zitamera.

Asodzi nawo ali ndi kalendala yawo. Mwera ukayamba kuwomba, kuyambira cha m'Meyi mpaka Sepitembala, mabwato amagona pa mchenga, achilimira amatafuna mano. Komatu mwera womwewo ndiwo umakankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto, ndipo kuno kummwera madzi ozizira a pansi amakwera atanyamula chonde chodyetsa tizamoyo ting'onoting'ono timene usipa umadya. N'chimodzi mwa zifukwa zimene mbali ino ya nyanja, yosazama kwambiri, imakhalira ndi nsomba zochuluka. Walira mvula walira matope: wofuna mathandala odzaza usipa ayenera kulolera masiku a mwera. Mphepo imeneyi ikasintha tsiku loyambira, kapena ikafooka, nsomba zidzayamba kudziwa ife tisadadziwe. Msodzi wokalamba angakuuzeni kuti mwera wa masiku ano sali monga wa kale. Mukamufunsa kuti udayamba tsiku liti chaka chatha, nanga zaka khumi zapitazo, pamenepo nkhani imathera m'mwina ndi kapena.

Nkhuyu zodya mwana zidapota wamkulu. Utsi umene wafunditsa thambo udachokera kwambiri m'mafakitale, m'magalimoto ndi m'malo opangira magetsi a mayiko olemera, ndipo gawo la Malawi pa utsiwo ndi laling'ono zedi. Si kulakwa kunena zimenezi mokweza, ndi kupempha kuti amene adadya nkhuyu athandize opotedwa m'mimba. Komabe tisabise nkhwangwa yathu kumbuyo kwa utsi wa eni. Nkhalango ya Mua-Livulezi ndiyo inkagwira madzi a m'mapiri kuti atsike mofatsa. Aliyense woyenda pa msewu wa M5 kapena wotsika Khwekhwerere amaona matumba a makala atasanjidwa m'mbali mwa msewu. Phiri likavulidwa, mvula ya tsiku limodzi imatsika tsiku lomwelo pamodzi ndi mchenga, ndipo pofika Ogasiti mtsinje wauma. Sikimu ya mthirira ya Bwanje Valley, ya mahekitala 800, imene idamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan n'kumapatutsa madzi mu Namikokwe, idawonongedwa ndi madzi osefukira patangopita zaka zochepa chiitsegulireni, mpaka idachita kukonzedwanso. Mpunga wa Kilombero ndi Faya umene umanunkhira pa Mtakataka umadalira mitengo ya kumtunda imene wolima mpungayo mwina sadaigwirepo ndi dzanja.

Chimene chikundidetsa nkhawa koposa n'chakuti nkhani yathu ilibe kaundula wokwanira. Mu Januwale 2022 namondwe Ana adagumula damu la Kapichira ndi kumiza chigwa cha Shire. Akatswiri a gulu la World Weather Attribution atafufuza, adati kufunda kwa dziko kudawonjezera ukali wa mvula imeneyo. Koma adalephera kunena kuti kudawonjezera ndi mlingo wanji, chifukwa malo oyezera mvula okhala ndi zolemba za zaka zambiri zosadukiza ndi ochepa m'chigawo chino cha Africa. Taganizani: kumalekezero a dziko, kumene kulibe mudzi, masiku a ayezi akudziwika chaka ndi chaka kuyambira 1979. Kuno kumene kuli midzi, sukulu, matchalitchi ndi mizikiti, tsiku limene mvula yobzalira idagwa zaka makumi awiri zapitazo lidapita ndi mphepo. Pa bwalo la milandu ya nyengo, wopanda zolemba amabwerako manja ali m'khosi.

Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo zimene tikukumbukira ife okalamba n'zamtengo wapatali. Setilaiti siidziwa dzina la khwawa limene lidapha ng'ombe mu 1980, siidziwa munda umene umayamba kumira, siidziwa fungo la mphepo yobweretsa mvula. Ngakhale akatswiri eni ake amafuna zoyeza za pansi kuti atsimikize zimene makina aona kumwamba. Koma mutu wa munthu umasakaniza zaka, umakometsa za kale, ndipo tsiku lina umagona m'manda ndi zonse zimene udasunga. Abambo a chipani cha White Fathers atafika pa Mua mu 1902 ankalemba m'buku zochitika za pa mishoni, ndipo olemba mbiri akhala akutungamo mpaka lero. Pa malo a Kungoni, amene Bambo Claude Boucher adayambitsa pa Mua pomwepo mu 1976, pasungidwa miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao kuti isatayike. Ngati tidatha kusunga magule ndi zinyau, tilephera bwanji kusunga masiku a mvula?

Mutu umodzi susenza denga, ndipo ntchito imeneyi si ya a zanyengo okha. Sukulu iliyonse kuyambira Golomoti mpaka kumalire a Salima ingathe kukhala ndi choyezera mvula pabwalo ndi kope limodzi mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu, ana n'kumasinthana kulemba m'mawa uliwonse. Komiti ya pa doko ingathe kukhoma mtengo wolembedwa mizere pa gombe, n'kumalemba pamene madzi afika mwezi ndi mwezi, tsiku limene mwera wayamba ndi limene waleka. Nyakwawa ndi mlangizi wa zaulimi angathe kulemba tsiku la chizimalupsa, tsiku la mvula yobzalira, masiku a ng'amba ya pakati, tsiku la mvula yomaliza. Adzukulu akhale pansi ndi agogo awo nthawi ikadalipo, afunse pamene nyanja idafika m'zaka za madzi ambiri, akhome chizindikiro pamenepo, kuti wodzamanga nyumba mawa asadzati sadauzidwe. Safunsa adadya phula.

Zolemba zoterezi chaka choyamba zimaoneka zopanda pake. Chaka chachisanu zimayamba kunong'ona. Zikafika zaka makumi awiri zimayankhula momveka, ndipo mlimi angathe kusankha nazo pakati pa mbewu yocha msanga ndi yochedwa, pakati pa chimanga ndi mapira kapena chinangwa, pakati pa kubzala ndi mvula yoyamba ndi kudikira yachiwiri. Mfumu ingathe kukana nazo kugawa malo m'khwawa. Dziko lingathe kupita nazo ku misonkhano ya mayiko likunena manambala a kwawo. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Ife amene tsitsi layera sitidzakhalapo pamene makope amenewa adzadzaze, ndipo n'chifukwa chake tikupempha kuti tsamba loyamba lilembedwe ndi mvula ya chaka chino, tikadali pano kuti tithandize kukumbukira za m'mbuyo.